Chifukwa chimene webpack sikupeza chithunzi chimene mwalozera mu Sass

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene webpack, pulogalamu yosonkhanitsa mafayilo a webusaiti pamodzi, ikukanira kumanga webusaiti ya kopaletivu ya alimi a mtedza imene mukukonza kuno ku Kasungu, n'kumalemba kuti Can't resolve '../../zithunzi/mtedza.jpg', chikhalirecho chithunzicho chili mu src/zithunzi ndipo njira imene mwalemba mu src/styles/zigawo/_mutu.scss ndi yolondola. Njirayo ndi yolondoladi kwa munthu amene waima pa fayilo imeneyo, koma amene akuitsatira waima pena.

Zimachitika ndi izi. Sass, chida chimene chimasandutsa mafayilo a .scss kukhala CSS yokongoletsera webusaiti, imasonkhanitsa tizidutswa tonse timene mwaitana mu src/styles/main.scss n'kutulutsa CSS imodzi, ndipo pochita zimenezi sikhudza chilichonse chimene chili mkati mwa url(), imangochikopera mmene chilili. Ntchito ikafika kwa css-loader, imene ndi loader (chothandizira cha webpack) yowerenga CSS, iyo sidziwa n'komwe kuti mzere umenewu unachokera mu foda ya zigawo. Imangoona kuti zonse zachokera ku main.scss, choncho imayambira pamenepo kuwerenga. Ikabwerera m'mbuyo kawiri imapezeka kuti yatuluka mu src n'kukafika pamwamba pa pulojekiti, pamene palibe foda ya zithunzi. Zili ngati kulongosolera munthu njira ngati kuti ali pa Chinkhoma pamene iye waima pa boma: mawu onse ndi oona, koma akakhota polakwika. Dziwani kuti @import ndi @use, malamulo oitanira mafayilo ena mu Sass, alibe vutoli, chifukwa Sass imawerenga njira zawo kuchokera pa fayilo imene mwalembamo. N'chifukwa chake mitundu ndi kukula kwa zilembo zikutuluka bwino pamene chithunzi chokha chikukanika.

Ena mu gulu lino akulangizani kuti mungochotsa ../ imodzi. Zigwira ndithu lero, koma ine sindikulimbikitsa zimenezo, popeza njirayo idzakhala yabodza kwa aliyense wotsegula fayiloyo, ndipo tsiku limene mudzasunthe main.scss kapena kuitana kachidutswa komweko kuchokera mu foda ina, idzathyokanso.

Mankhwala amene anapangidwira nthenda imeneyi ndi resolve-url-loader. Muiike pakati pa css-loader ndi sass-loader (imene imayendetsa Sass mu webpack), pokumbukira kuti webpack imayendetsa ma loader kuyambira wotsiriza pa mndandanda kubwerera kwa woyamba, kotero kuti sass-loader ikhale kumapeto, resolve-url-loader patsogolo pake, kenako css-loader. Chimene ambiri amaiwala ndi kuika sourceMap: true pa sass-loader. Popanda chimenechi resolve-url-loader ilibe poyambira, chifukwa ndi mu source map, kalozera wosonyeza kumene mzere uliwonse wa CSS unachokera, mmene imaonera fayilo yeniyeni imene url() iliyonse inachokera.

Komabe pa pulojekiti yaing'ono ngati yanuyi, imene mwinanso mudzaisiya m'manja mwa munthu wina, ine ndingasankhe alias, ndiko kuti dzina lalifupi loimira njira ya foda. Mu webpack.config.js, pansi pa resolve.alias, mulembe kuti '@zithunzi' ikuimira path.resolve(__dirname, 'src/zithunzi'), ndipo mu Sass muzilemba url("@zithunzi/mtedza.jpg") kulikonse kumene muli. Palibenso kuwerenga madontho, palibenso phukusi lina loti mutsitse, zimene wogwira ntchito ndi bandulo ya pa foni amazimvetsa popanda kumufotokozera. Mukasintha webpack.config.js muzimitse dev server (seva yoyeserera ya pa kompyuta yanu) n'kuiyatsanso, chifukwa siiwerenga ili mkati moyenda.

Pa chithunzi cha sikirini chimene mwatumiza ndaonanso mzere wakuti @import "~bootstrap/scss/bootstrap". Kachizindikiro ka ~ ndi kachitidwe kakale kouza webpack kuti ikafune mu node_modules, foda yosungira maphukusi amene mwatsitsa, ndipo eni ake a sass-loader analengeza kuti kachotsedwe, popeza masiku ano imayamba yafuna pafupi ndi fayilo yanu, ikalephera imapita yokha ku node_modules. Nayo @import ikupita: Dart Sass 1.80.0, imene inatuluka mu 2024, inayamba kuchenjeza za iyo, ndipo idzachotsedwa mu Dart Sass 3.0.0. M'mafayilo anuanu yambani kulemba @use "zigawo/mutu", popanda kamzere koyambirira ndiponso popanda .scss. Koma muyambe mwaona mu package.json ngati muli node-sass, phukusi lakale la Sass, chifukwa imeneyo inasiyidwa ndipo @use siyidziwa. Muichotse n'kuika sass, imene ndi Dart Sass ija. Ngati mumafuna kuuza Sass mafoda ena oti izifunamo, dzina la pamene mumalemba mafodawo tsopano ndi loadPaths, pamene maphunziro akale a pa intaneti amalemba includePaths.

Pomaliza yang'anitsitsani zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Mwanena kuti laputopu yanu ili ndi Windows, imene siisiyanitsa Mtedza.jpg ndi mtedza.jpg, pamene seva ya Linux imaona mafayilo awiri osiyana. Ngati chithunzicho chinasungidwa ndi chilembo chachikulu, chisintheni dzina ndi git mv kuti kusinthako kulowedi mu Git, apo ayi uthenga womwewo wa Can't resolve udzatulukanso pa seva ngakhale zonse zikuyenda bwino pa kompyuta yanu.