Mwana wa zaka ziwiri ndi mpira: musathamangire kugula jombo

Achimwene, ndaona funso lanu. Mwati mtsikana wanu wa zaka ziwiri ndi theka sakhazikika mukamaonera Bullets pa TV, amangomenya chilichonse chimene wachipeza pansi, ndiye mukufunsa ngati yakwana nthawi yomugulira mpira weniweni ndi jombo, kapenanso kumufunira akademi. Ndalama ya jomboyo isungeni kaye. Phazi la mwana wa msinkhu umenewu silichedwa kukula, pakangotha miyezi ingapo nsapatoyo mudzaipereka kwa mwana wa aneba isanathe n'komwe. Opanda nsapato pabwalo losesedwa bwino, basi zakwana.

Pa za mpira ndiye ndinaphunzirira pa mwana wanga woyamba. Chifukwa cha chidwi ndinamugulira wa saizi 5, womwe amasewera akuluakulu uja, n'kuupopa mpaka gwa. Mpira umenewu umalemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo kwa iye unkafika pafupi ndi m'mawondo. Anaumenya kamodzi, zala zinamupweteka. Kachiwiri anauponda pamwamba n'kugwa chagada. Kwa masabata awiri akangouona ankabisala kumbuyo kwa mayi ake. Inu pezani waung'ono wa saizi 1, kapena ya labala yofewa ija imapezeka pamsika, ndipo muuphwetseko pang'ono kuti usamamuthawe. Wachikulunga umene tinakulira ife ndi wabwinonso chifukwa sugubuduka patali, koma majumbo ndi mwana wamng'ono sizigwirizana: amasomphola tizidutswa n'kuika m'kamwa. Kulungani nsanza, muzilowetse mu sokosi yakale, mumange pakamwa pake.

Tsono masewerawo. Musamuphunzitse malamulo. Adzautola mpira ndi manja, adzaukumbatira ngati chidole, mwina n'kuukhalira. Musiyeni, palibe woimbira pano. Mukayamba zoti "ayi, usagwire" pamphindi iliyonse, mpirawo usanduka chinthu chokalipiridwa nacho.

Zimene zinatithandiza ife n'zosavuta. Timaimika mabotolo apulasitiki opanda kanthu atatu kapena anayi, iye n'kumawagwetsa ndi mpira ali pafupi kwambiri, ngati phazi limodzi chabe. Phokoso la mabotolo akamagwa ndilo limamusangalatsa, ndipo amathamanga kukawaimikanso yekha. Koma masewera amene sanatope nawo ndi a goloboyi. Ndimaika masilipasi awiri motalikirana, ine n'kuima pakati. Iye akangokankha mpira, ngakhale ukuyenda ngati kamba, ine ndimadzigwetsera mbali ina dala, n'kugwira mutu ngati ndaluza chikho. Agogo ake pakhonde amaimba nthungululu. Mwanayo amaseka mpaka kukhala pansi, kenako n'kunena kuti "kenanso!" Mawondo a buluku langa anathera pamenepo. Nthawi zina mugubuduzireni mpirawo ku phazi lamanzere osanenapo kanthu, azolowere kumenya ndi onse awiri.

Mphindi khumi ndi zambiri kale. Akaona gulugufe n'kusiya mpira, masewera atha, mawa lilipo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azitakataka mphindi zosachepera 180 patsiku, koma akunena tsiku lonse, kuthamangitsa nkhuku ndi kukwera pampando zili momwemo. Mpira ndi kagawo chabe. Ngati pali akulu ake, aloweni m'masewera koma muwachenjeze za mashoti, chifukwa mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu sadziwa kuchepetsa mphamvu.

Chimodzi chokha ndikukuletsani ndithu: musamuponyere mpira kuti amenye ndi mutu, ngakhale mongocheza. Khosi lake silinalimbe. Ku America analetsa hedi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015, ndipo ku England mu 2020 anachotsa hedi pa zokonzekera za ana a msinkhu wa pulayimale. Onaninso malo musanayambe: magalasi osweka, minga, mbaula ya moto, ndi geti loyang'ana kumsewu, pakuti mpira ukatuluka mwana amautsatira osayang'ana. M'nyengo yotentha ngati Okutobala dikirani dzuwa lipendeke, madzi akumwa akhale pafupi.

Ndaonanso wina wakuyankhani kuti mwana wamkazi mumuyambitse wamanja. Wamanja si woipa, koma Tabitha Chawinga anakulira ku Rumphi akumenya wachikulunga ndi anyamata, lero dziko lonse likumudziwa. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo Scorchers, timu ya amayi ya dziko la Malawi, inatenga chikho cha COSAFA, cha maiko a kummwera kwa Africa, mu 2023. Sindikuti wanuyo adzafika kumeneko, mwina akadzakula adzakonda zina. Ndikungoti phazi lake lisaletsedwe chifukwa wavala diresi.

Za akademi tidzakambirane akadzafika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pamene angathe kumvera mphunzitsi ndi kudikira nthawi yake pamzere. Pakadali pano funani sokosi yakale ija, ndipo madzulo ano muvale buluku limene simulidandaula.