Breaker ya pachigayo ikugwaigwa: ndiikepo yaikulu?

Bambo wina wa chigayo ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, watumiza imelo. Mota yake ndi ya 30 kW, breaker (switchi yodula yokha magetsi akapyola muyezo) ndi ya ma amp 63 (63A), ndipo ikumagwa masana mzere wa ogayitsa ukatalika. Wamagetsi wina wamuuza kuti angogula ya 125A nkhani ithe. Akufunsa ngati agule.

Musagule kaye, achimwene. Malangizo amenewo ndi amene amandiwawa kwambiri pa ntchito yathuyi. Wamagetsi wanuyo anayezapo chiyani asanatchule 125? Mota ya 30 kW pa 400V, mawaya atatu a ESCOM aja, imakoka ma amp pafupifupi 55 ikalemedwa bwino. Breaker ya 63A siyenera kugwa pa 55. Ngati ikugwa, ilipo nkhani imene ikukuuzani. Komanso breaker imakhalapo kuteteza nthambo. Ngati nthambo yanu ndi ya 16 mm², ya 125A idzangoonerera pulasitiki wa nthamboyo akufewa mpaka mawaya atagundana, pamalo podzaza ufa ndi matumba.

Mkati mwa breaker muli alonda awiri. Woyamba ndi kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Magetsi akapyola muyezo kamatentha, ndipo poti chitsulo china chimafutukuka msanga kuposa chinzake, kamapindika pang'onopang'ono mpaka kugunda kachitsulo kena komasula sipuling'i yodula magetsi. Zimenezi zimatenga mphindi zingapo, nthawi zina ola. Wachiwiri ndi koyilo ya maginito yomwe sidikira: mawaya akagundana, imamasula sipuling'i diso lisanaphethire. Mitu iwiri yodutsa magetsi ikamalekana pamabuka lawi lotentha kwambiri, n'chifukwa chake pamwamba pake pamakhala timbale tachitsulo tondandalika, tomwe timakoka lawilo, kuliduladula ndi kuliziziritsa mpaka lithime. Chogwirira chakunja sichilamulira sipuling'iyo. Amene amamanga chogwirira ndi waya kapena kupanirira kamtengo amangodzivuta, mkatimo imagwabe; amangoimaliza poibwezera mobwerezabwereza vuto likadalipo.

Ndiye funso loyamba n'lakuti imagwa nthawi yanji. Ikagwa mukangoliza mota, ndi maginito, chifukwa mota yolizidwa mwachindunji imakoka kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu kuposa muyezo wake, ndipo star-delta, njira yoliza mota m'magawo awiri, imatsitsa zimenezo kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma inu mwati imagwa masana chigayo chitayenda kale. Kumeneko ndi kutentha.

Kutentha si kwa katundu yekha. Sikuluu yomasuka pa mutu wa breaker imatenthetsa kachitsulo kaja ngakhale ma amp ali bwinobwino, ndipo chigayo chimanjenjemera tsiku lonse, masikuluu amamasuka okha. Kuno ku Mzuzu tili ndi vuto lina: mvula yosatha ndi chifunga cha m'mawa. Fumbi la ufa likalowa m'bokosi n'kumwa chinyontho limaundana, kudya mkuwa ndi kupereka njira yoti magetsi adumphire. Bokosi losatsekeka bwino lokhomedwa pafupi ndi pogwera ufa, ine ndimati ndi mlandu wa amene analikhoma, osati wa breaker.

Ndipo poti tayamba kale, tinenenso za nambala imene ogula saiyang'ana. Pa breaker pamalembedwa kA, kuchuluka kwa magetsi omwe ingathe kudula osaphulika mawaya akagundana. Tating'ono ta m'nyumba timakhala pa 6 kA kawirikawiri. Za m'mafakitale, zikuluzikulu zotchedwa MCCB, zopangidwa motsatira muyezo wa IEC 60947-2, zimakhala 25, 36 kapena 50 kA. Malo okhala pafupi ndi thiransifoma, monga mashedi ambiri a ku Luwinga, ndi omwe amafuna nambala yaikulu, chifukwa nthambo yaifupi siichepetsa mphamvu ya kugundanako. Breaker yotchipa modabwitsa, yopepuka m'manja, yolembedwa zofufutika ndi chala, isiyeni pashelefu pomwepo. Zina zachinyengo mkati mwake mulibe n'komwe timbale tozimitsa lawi.

Zoti muchite

Itanani wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, abwere ndi clamp meter, chida choyezera ma amp, ayeze waya uliwonse mwa atatuwo chigayo chikugaya. Onse akapyola 55, mukuthira chimanga chambiri, kapena sefa yatsekeka, nyundo zatha, ma bearing auma, malamba akungika kwambiri. Chimanga chosauma bwino chimalemetsanso mota. Waya mmodzi akasiyana kwambiri ndi anzake, ayeze ma volt. Phase ina, kutanthauza magetsi a waya mmodzi mwa atatuwo, ikafooka kapena kusowa, iwiri yotsalayo imasenza katundu yense, ndipo mankhwala ake ndi phase failure relay, kachipangizo kothimitsa mota zimenezi zikachitika. Aonenso overload relay, yomwe ndiyo imateteza mota: pa star-delta, ikakhala pa mawaya opita ku mota, imaikidwa pa 0.58 ya ma amp 55 aja, ma amp 32 pa mota yanu. Ma amp akakhala bwino, athimitse switchi yobweretsa magetsi ku breaker, akhome loko pa switchi kiyi asunge m'thumba, ayese chida chake pa magetsi amoyo, atsimikize kuti mawaya onse afa, kenako amange masikuluu pa muyezo wolembedwa pa breaker. Mutu wakuda kapena pulasitiki wosungunuka, breakeryo yatha. Asinthe ndi ina yofanana nayo. Mota ndi nthambo aziyeze ndi megger ya 500V, chida choyezera ngati zokutira mawaya zikadali bwino, ndipo zikatsika pansi pa 1 megohm musalize.

Breaker ikagwanso, ngati ndi ya MCCB, chogwirira chake chimaima pakatikati. Chikankhireni pansi mpaka chigwire, ndiye mukweze. Dikirani mphindi zingapo kachitsulo kazizire, tsekani chitseko cha bokosi, imani chammbali nkhope mutayang'ana kwina, manja ali ouma. Ikagwa pomwepo mukangokweza, musabwerezenso, penapake mawaya agundana. Breaker yokulirapo ingaikidwe pokhapokha wamagetsi atawerengera kuti nthambo yanu ikwanitsa, ndipo overload relay ilipo ikugwira ntchito.