Kwa achemwali amene pemphero likukukanikani

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Ndawerenga zimene mwalemba, kuti bambo a kunyumba anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, kuti mukagwada pemphero likukanika kutuluka, ndipo ena kumpingo akukuuzani kuti kulirabe mpaka lero n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Mwafunsa ngati Mulungu wakutayani, komanso kuti munthu amalitha bwanji tsiku zinthu zitatere. Mayankho mwalandira kale ambiri, ena abwino, ena ongoponya vesi n'kuthawa. Langa litalika pang'ono, mundipirire, chifukwa njira imeneyi ndinapondamo ndi mapazi angawa.

Kwathu ndi ku East Bank, mbali ya Makhanga, ngakhale pano ndikukhala ku Bangula. Amuna anga anapita ndi madzi mu Januwale 2015, nthawi ija mtsinje wa Ruo unasiya khwawa lake n'kudzera m'midzi. Anatiperekeza ine ndi ana pamalo okwera, kenako anati ndikamasule mbuzi m'khola ndikubwera. Mpaka lero. Kunalibe bokosi, kunalibe adzukulu, kulibe manda oti ndingakaloze ana. Siwa yathu inali tenti ya kukampu, ndipo amene akanabwera kudzandipepesa nawonso anali kufunafuna awo. Sindikunena izi kuti ndipikisane nanu, maliro sapikisana ayi. Ndikungofuna mudziwe amene akukuyankhaniyu.

Miyezi isanu ndi iwiri ndi dzulodzuloli. Ine chaka chinatha ndikapakula nsima dzanja likumaikabe mitanda yawo m'mbale ina, ija ya malata yokhala ndi chivundikiro. Ndinkazindikira nditavundikira kale. Mwana wanga wamkazi ankangoitenga mwakachetechete n'kugawira alongo ake, osandiyang'ana kumaso. Njinga ikalira belu kumsewu ndinkatukula mutu. Ndiye munthu adzikuuzani kuti mwachedwa kutonthola? Amawerengera ndi kalendala ya ndani?

Za pempherozo, inenso linandithera. Ndinali mayi wa Mvano, wokhoza kutsogolera mapemphero pamaliro a anzanga mpaka tambala woyamba, koma zitandigwera mawu onse anauma. Chimene chinkatuluka ndi "Ambuye" basi, nthawi zina mokalipa. Ndinkadziona ngati wachinyengo. Anandithandiza ndi agogo ena a mumpingo mwathu, anatisiya kale nawonso. Iwo ankabwera Lachinayi lililonse akaweruka ku Mvano, akadali mu yunifolomu, bulauzi yoyera itasanduka yofiirira ndi fumbi. Ankakhala pamphasa, n'kutenga lichero la nkhwani n'kuyamba kusadza. Osalalikira. Tsiku lina ndinawauza kuti agogo, ine kupemphera ndasiya. Anandiyankha osatukula mutu: "Siyani, ife tikupemphera. Inu dyani." Kenako anati mawu amodzi aja mukunenawo ndi pemphero kale.

Pambuyo pake ndinadzaona kuti Baibulo lili kumbali ya agogo aja. Pa Aroma 8:26 Paulo akuvomera kuti sitidziwa kupemphera monga kuyenera, ndipo Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka. Kubuulatu, osati chiganizo chokonza bwino. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula kanthu, ndipo mukawerenga bwino muona kuti zinthu zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake. Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Ananena poyera pakati pa anthu, ndipo Mulungu sanamulange. Ambuye Yesu mwini, akudziwa kuti pakangopita kanthawi adzutsa Lazaro, analira pamanda. Vesi lija amakonda kutikwapula nalo ofedwa, 1 Atesalonika 4:13, silinena kuti musalire. Likuti musalire monga aja opanda chiyembekezo. Amene amadula vesili pakati mwina sanaikepo wawo.

Mawu ena amene sindinawalandire ndi oti chinali chifuniro cha Mulungu. Onena amafuna zabwino, ndikudziwa, koma amafulumira. Madzi amene anatenga amuna anga anachokera ku mvula ya kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, anatsika m'mitsinje yokwiririka ndi mchenga chifukwa mitengo kumtunda inatha. Zimenezo zili ndi zifukwa zake zooneka ndi maso. Chimene ndikhulupirira n'chakuti Mulungu anali nawo m'madzimo, ndipo anali nafe pamene tinakwera paja. Zotsalazo ndidzakafunsa ndikadzafika. Kunabweranso a mbali ina, oti tikaombeze tidziwe anachita ndani, ndi ena a kuchimuna okamba za kulowa kufa. Ndinakana zonse, abusa ndi akulu a mpingo anaima nane. Ngati nanunso akukuvutani pa zimenezo kapena pa katundu, musakhale chete. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, kulanda katundu ndi mlandu.

Tsopano funso lanu lachiwiri, la tsiku. Ine chimene chinkandifoola sichinali imfa yokha ayi, chinali kuwerengera. Ndikagona panja pamphasa mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndinkayamba: fizi ya sekondale idzachokera kuti, denga adzafolera ndani, mtsikanayu akadzapeza banja adzaimirira ndani, ndikadzakalamba ndidzakhala ndi yani. Usiku umodzi ndinkasenza zaka makumi awiri. Kukacha ndinali wotheratu, madzi osatunga, pabwalo posasesa.

Agogo aja anabwera tsiku lina, madzi ataphwa, atanyamula mtolo wa zingwe za mbatata wokulunga m'chiguduli chonyowa. Anauika pakhomo nati, izi zikafika mawa madzulo zauma, n'kumapita. Sanandipemphe kuti ndilimbe mtima. Ndinakwiya nawo ndithu. Koma mbewu kuisiya ifote pakhomo, mwana wa mlimi sizitheka. M'mawa mwake ndinatenga khasu lobwereka n'kutsikira kudimba, malo omwe aja madzi anadutsa. Dothi linali lakuda, lofewa, lonunkha matope, khasu likungolowa lokha. Ndinaunda mizere isanu ndi umodzi ndikulira, mamina ndi thukuta pamodzi. Dzuwa litafika pamutu ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa sindinaganizeko za fizi. Ndinamva njala, koyamba pa miyezi ingapo. Chaka chimenecho ena ankakazula nyika kudambo, kupikisana ndi ng'ona, ife tinadya kholowa ndi mbatata.

Kuyambira pamenepo nkhani ya mana pa Eksodo 16 inayamba kundimvekera mwina. Aisraeli ankatola za tsiku limodzi, wosungira mawa ankapeza mphutsi. Kale ndinkaiona ngati nkhani ya anthu osamvera. Pano ndimaona kuti mphamvu imene ofedwa timapatsidwa imabwera motero, ya lero lokha, ndipo mukafuna kuigwiritsa ntchito pa mavuto a chaka chamawa siikwana. Ambuye pa Mateyu 6:34 anati tsiku lililonse zikwanire zovuta zake. Sananame kuti zovuta kulibe. Akuluakulu athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Masiku amenewo fodya wanga wa pamphuno anali ana atatu ofuna phala ndi mizere isanu ndi umodzi ija.

Ndiye musadzipatse ntchito ya kuchira. Dzipatseni ya kukacha. Madzulo musanagone sankhani chinthu chimodzi choti manja adzagwire mawa, kaya kuchapa, kaya kuzira nyumba, kaya kupita kuchigayo, chokhala ndi poyambira ndi pothera. Idyani ngakhale pakamwa pakuwawa. Kutchalitchi mukafuna kubwerera khalani kumbuyo pafupi ndi khomo, nyimbo ikakulemerani tulukani, mukakhale pansi pa mtengo, palibe amene mwamulakwira. Ine nyimbo imene amuna anga ankaikonda ndinayamba kuimaliza patatha zaka zitatu. Dzina lawo muzilitchula pamaso pa ana, muziwauza nthabwala zawo ndi zolakwa zawo zomwe. Ndipo tsiku limene mudzaseke mwangozi, musadzadziimbe mlandu. Ine linandipeza pamsika, mayi wina akukangana ndi wogulitsa milamba, ndinaseka mpaka kugwira nthiti, kenako ndinachita manyazi ngati ndaba. Panalibe chimene ndinaba.

Chimodzi ndinene mosabisa. Ngati masabata akutha musakugona, musakudya, kapena akukubwererani maganizo oti bola ndiwatsatire, zimenezo musazisunge nokha ndipo musazisiyire pemphero lokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala. Malungo timapemphera uku tikumwa mankhwala, izinso n'chimodzimodzi.

Sindikulonjezani kuti zidzatheratu. Namondwe Idai atabwera mu 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023, nthawi iliyonse mvula ikagunda pamalata usiku thupi langa limabwerera ku 2015. Ndimadzuka, kuyatsa tochi, kuwerenga ana, ngakhale awiri anachoka kale pakhomo. Koma pa Freddy ndinapezeka kuti ndine amene ndakhala pamphasa pambali pa mtsikana wina wofedwa, lichero lili pamwendo, ndikusadza ndiwo. Anandifunsa funso lanu lomweli. Vesi linafika pakamwa, ndinalimeza, ndinamufunsa ngati wadya.

Mwati muli mbali ya Ngabu. Si kutali, minibasi imodzi basi. Ndilembereni kumbali mundiuze tsiku limene mumakhalapo. Madzi akaphwa zingwe za mbatata ndimakhala nazo zambiri, zija zofiira m'kati, ana amazikonda.