Mayi aang'ono amene amasunga foni

Mwezi uno makalata ambiri ndi a amuna osasiya ya ndiwo ndi apongozi obwera kudzacheza osanena tsiku lobwerera. Amenewo adikire kaye. Ndasankha iyi chifukwa cha mzere umodzi umene mwini wake adaulemba ngati wongodutsa.

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 21, ndimasoka zovala pamsika wina m'boma la Dedza. Ndili pachibwenzi ndi mnyamata wa zaka 24 wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo tatha miyezi isanu ndi iwiri. Vuto ndi lakuti akwathu ndi akwawo samwerana madzi. Adalimbirana dimba la kudambo ine ndisanabadwe, mlandu udafika kwa amfumu, ndipo mpaka lero sayenderana ngakhale pa maliro. Malume anga, amene ndiwo mwinimbumba, adanenapo pa mowa kuti mwana wa anthu amenewo adzaponda pakhomo pathu iwo ali kumanda. Amayi sadziwa kanthu. Timakumana mayi aang'ono akatiuza kuti kunja kuli bwino, ndiwonso amandisungira foni imene iye adandigulira. Kusekondale tidawerenga sewero la Romeo ndi Juliet, ndipo ndikalikumbuka ndimaona ngati ankanena ife. Iye akuti tingothawira ku Lilongwe tikalowane, makolo adzamva zitatheka kale. Kodi chikondi chife chifukwa cha munda? Malumewa ndiwatani?

Ine wosowa mtendere, Dedza

Mwanawe,

Pa malume ako sindikhalitsapo. Munthu wamkulu wolumbira za dimba atagwira chipanda sindimumvera chisoni, komanso sindimuopa. Ameneyo ali poyera, ukudziwa pamene waima, ndipo munthu wotere amatheka kumupitira ndi akulu anzake. Amene wandisowetsa tulo ndi mayi ako aang'onowo. Wawatchula kamodzi kokha, pakati pa malume ndi sewero, ngati mmene munthu amatchulira mtondo wa pakhomo. Munthu wamkulu, mng'ono wa mayi ako, amadya nawo nsima mbale imodzi, kwa miyezi isanu ndi iwiri akubisa foni m'dengu la ufa kapena kaya ndi pati, ndipo sadatsegulepo pakamwa kwa mkulu wake. Iwe ukuti amakukonda. Ine ndikuti tiye titsegulenso buku lako lija, chifukwa ndikuona kuti udalekezera pamene mnyamata waima m'munda wa zipatso usiku, mtsikana ali pawindo.

William Shakespeare adalemba seweroli cha m'ma 1595, ndipo nkhani yake idachitikira ku Verona, m'dziko la Italy. Aliyense amakumbuka kuti mabanja a Montague ndi Capulet ankadana. Ochepa amakumbuka kuti m'sewero lonselo palibe amene akunena chimene adayambanirana. Ochepanso amawerenga masiku. Ana awiriwo adaonana Lamulungu usiku, adakwatirana Lolemba masana, pofika Lachinayi m'bandakucha onse anali mitembo. Lamulungu lomwelo m'mawa Romeo ankalirira mtsikana wina, Rosaline. Juliet anali asanakwanitse zaka 14, msinkhu umene kuno kwathu, kumene lamulo limati ukwati uyambire pa zaka 18, bwenzi nkhani yake ili kupolisi. Ndiye ukamati ankanena inu, uzisankha bwino mbali imene ukudzifanizira.

Koma zimenezo ndi za ana, ndipo ana ndi ana. Funso langa ndi la akulu. M'sewero muja muli akulu awiri amene ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi. Woyamba ndi mlezi wa Juliet, mayi amene adamuyamwitsa ali khanda. Ndiye ankayenda ndi mauthenga, ndiye adakatenga makwerero a chingwe oti mnyamata akwerere kuchipinda. Ankasangalala nayo ntchitoyo, ankaseka, ankamuzunza mtsikanayo ndi nkhani za msana wake wowawa asanamuuze yankho la Romeo. Wokoma mtima, ngati mayi ako aang'ono. Tsono tsiku lidafika pamene bambo a Juliet, osadziwa kuti mwana wawo ndi mkazi wa mwini kale, adalamula kuti akwatiwe ndi mwamuna wina dzina lake Paris, nawopseza kuti akakana amutaya kumsewu akafe ndi njala. Mlezi uja adayesa kuyankhula pang'ono, atakalipiridwa adatseka pakamwa, chinsinsi chili m'mimba. Makolo atatuluka, mtsikana adamugwira kuti amuthandize nzeru. Yankho lake lidali lakuti angokwatiwa ndi Paris, poti Romeo pafupi ndi ameneyo ndi chisanza chopukutira mbale. Munthu yemweyo amene dzulo lake ankanyamula makwerero.

Wachiwiri ndi wansembe Laurence, amene adawadalitsa ukwati mobisa. Ameneyu anali ndi cholinga chabwino, ankati ukwatiwo udzayanjanitsa mabanja awiriwo. Koma ukwati umene mabanjawo sakuudziwa uwayanjanitsa bwanji? Zitavuta, Romeo atapha Tybalt msuweni wa Juliet nathamangitsidwa kupita ku Mantua, wansembeyo akadangoyenda mtunda waufupi, nagogoda kwa Capulet, bambo a Juliet, nati ana anu ndidawakwatitsa ine, ndikalipireni ine. Sadapite. Adasankha kupatsa mwana wa zaka 13 mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42, nalemba kalata yopita ku Mantua. Kalatayo sidafike, poti wansembe mnzake amene adaitenga adatsekeredwa m'nyumba ina imene ankaikayikira kuti muli mliri, ndiye Romeo adakhulupirira kuti mkazi wake wafadi. Ndipo kumanda kuja, Juliet atadzuka napeza mwamuna wake wamwa poizoni, wansembeyo atamva phokoso la alonda adati sangakhalitse, nathawa, kumusiya mwana yekha pakati pa mitembo ndi mpeni. Adadzaulula zonse bwinobwino pamaso pa mfumu ya mzindawo, anthu asanu ndi mmodzi atafa kale.

Pali kanthu kena kamene aphunzitsi ambiri amakadumpha. Paphwando pamene awiriwo adaonana, Tybalt adamuzindikira Romeo nafuna lupanga. Amene adamuletsa ndi bambo a Juliet eni ake, nanena kuti mzinda wonse umamutama mnyamatayo kuti ndi wamakhalidwe. Sindikuti mkuluyo akadavomera. Anali waukali, wokonda kulamula. Ndikuti palibe amene adamufunsa. Onse adagamula okha kuti akana, monga iwe wagamulira za amayi ako amene sudawauze n'komwe, ndi za malume ako amene mawu awo udawamva kuchokera ku mowa, osati pamphasa.

Apa ndiye pali mtima wanga, ndipo amene amawerenga tsamba lino adatopa nane. Makolo athu sadali opusa poika ankhoswe. Nkhoswe nayenso ndi munthu wa pakati, amayenda ndi mawu kuchokera uku kupita uko, monga mlezi uja. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhoswe amayenda masana. Mudzi wonse umadziwa kuti ukwati uwu adaugwira ndi uje. Pa chinkhoswe amaimirira anthu akuona, tambala ndi thadzi zikusinthana manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo sangathawenso. Mwamuna akakumenya usiku, pali chitseko chimene ukagogode. Mwana akadwala, akamwalira wina, katundu akalimbiridwa, pali munthu amene afunsidwe, ndipo sangati sindikudziwa. Wa pakati wobisika amadya zokoma zokha za chibwenzi cha ena: kunong'onezana, kusekerera, mwina ka sopo ndi ka shuga kochokera kwa mnyamata. Ulemu wa mkulu amaufuna, mtolo wa mkulu saufuna. Ndakhala pa milandu ya mabanja yochuluka, ndipo sindidaonepo wosunga chinsinsi akuimirira pabwalo n'kunena kuti ndidawathandiza ndine. Amakhala kumbuyo, chitenje kukamwa, akugwedeza mutu pamodzi ndi ena kuti ana a masiku ano. Amati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, koma mkulu wotereyu amaonetsetsa kuti iye zisamupote.

Udzifunse wekha. Tsiku limene amayi ako adzamve, ndipo adzamva, pamsika palibe chobisika, chidzawapweteke kwambiri n'chiyani? Mnyamata wa kwa adani, kapena mng'ono wawo amene ankawathandiza kupeta chimanga akudziwa? Mudali ndi udani umodzi, wa dimba. Mayi aang'onowo akukonza wachiwiri, wa m'nyumba, ndipo umenewo udzatsala ngakhale iwe ndi mnyamatayo mutasiyana chaka chamawa.

Nawenso sindikusiya. Uli ndi zaka 21, umagwira makina, umadzidyetsa. Si iwe kamtsikana kotsekeredwa m'nyumba ya bambo ake ku Verona. Ukubisala chifukwa kubisala kukukoma, kukupatsa chibwenzi chanu mchere umene mwina pachokha chilibe. Kalata yako yonse sudandiuze kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji, ku Lilongwe mukafikira kwa yani, kapena ngati iye adauzapo malume ake. Mwamuna amene nzeru yake yoyamba ndi kuthawa, asanayese n'komwe kutuma munthu kukagogoda, ndimamuyang'ana kawiri. Mukakalowana ku Lilongwe, tsiku limene adzakutulutsire chikwama panja udzaimbira foni yani? Akwanu adzati sitikumudziwa, akwawo adzati sitidakutumeni.

Chochita ndi chachifupi. Katenge foni yako, uzisunga wekha. Uwauze mayi aang'ono kuti Loweruka ukukauza amayi, ndipo ukufuna iwo akakhale pamphasa pomwepo, anene ndi pakamwa pawo kuti ankadziwa. Mnyamatayo naye apite kwa malume ake sabata yomweyo, awapemphe kuti adzagogode monga mwa mwambo. Malume ako akakana, mbumba siikhala ndi mkulu mmodzi: pali agogo, pali malume ena, pali amfumu amene adaweruza za dimbalo, pali akulu a mpingo. Zitenga miyezi, mwina chaka, ndipo pakhala kutukwanizana. Akakanitsitsa onse, uli ndi zaka zokwatiwa popanda chilolezo cha munthu, koma udzapite masana, atamva kuchokera kwa iwe.

Mayi aang'ono akati Loweruka ali ndi ulendo wa kuchigayo, usawakakamize. Pita wekha, ndipo udzandilembere zimene amayi adzanene.

Azakhali