Kodi ndilipire munthu andikonzere portfolio?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akufuna kukaphunzira graphic design, luso losanja zithunzi ndi zilembo popanga zinthu monga maposita ndi malogo. Dzina lake ndalisunga, koma nkhani yake ndiifotokoza pano chifukwa sali yekha. Akuti sukulu imene akufuna kulowa ikufuna portfolio (ntchito zake zosankhidwa, zosonkhanitsidwa pamodzi kuti zionetse luso lake), kwatsala miyezi iwiri kuti atseke kulandira, ndipo ntchito zake zili mbwee: zina m'makope, zina mufoni, zina pa Canva, pulogalamu ya pa intaneti yopangira dizaini. Wapeza munthu pa Fiverr, webusaiti yolemberapo anthu maganyu, amene akulonjeza kumuchitira zonse, kuyala masamba, kukonza zithunzi, ngakhale kuwonjezerapo timapulojekiti tiwiri titatu kuti chinthucho chioneke chonenepa. Funso lake ndi ili: "Ndikamulipira ndiye kuti ndabera? Poti anzanga ena ali ndi abale odziwa dizaini amene akuwathandiza ulere."

Achemwali, ndiyambire pa mawu anu omalizawo, chifukwa ndi oona. Mwana amene azakhali ake amagwira ntchito ya dizaini amamva zambiri ali pampando kunyumba zimene inu mukazimva mutalipira. Choncho ndalama payokha si tchimo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe portfolio yabwino imene sinadutse m'maso mwa munthu wina. Chimene ndikufuna muganizire ndi chimene ndalama yanuyo ikugula. Ikugula maso a munthuyo, kapena manja ake?

Aphunzitsi osankha ophunzira safuna katswiri wotha kale. Akanakhala kuti akufuna wotero, sukulu ikanakhala yachiyani? Iwo amafuna kuona mmene mumaonera zinthu, mmene mumaganizira, ndiponso ngati muli munthu wophunzitsika. Sukulu ya Rhode Island School of Design, ku Providence m'dziko la America, inakhala zaka zambiri ikuuza aliyense wofuna malo kuti ajambule njinga pamanja. Njinga chabe! Aliyense anaionapo njinga, koma tayesani kuijambula osaiyang'ana muone mmene tcheni chikusocherera. Ntchito imeneyo imaulula msanga amene amayang'anitsitsa ndi amene amangoganizira. Sukulu ya Parsons ku New York nayo inakhazikitsa chimene inachitcha Parsons Challenge: wofunsira malo ankapanga ntchito yatsopano, nalemba kufotokoza mmene anaiganizira. Masukulu onse awiriwa akusaka chinthu chimodzi, chimene munthu wa pa Fiverr sangakugulitseni: mutu wanu uli pantchito.

Za timapulojekiti towonjezerato sindichedwapo. Ayi. Kuika ntchito ya munthu wina pansi pa dzina lanu ndi bodza, kaya mwalipira kaya wakupatsani mwaulere, ndipo sukulu ikatulukira ili ndi mphamvu yokulandani malo ngakhale mutayamba kale kuphunzira. Maiko ena afika pokhwimitsa malamulo: ku Australia kuyambira 2020, ndi ku England kuyambira 2022, kuchita malonda olembera ophunzira ntchito za kusukulu ndi mlandu. Malamulowo amalondola wogulitsa, koma akusonyeza mmene masukulu amaionera nkhaniyi. Komanso musaiwale intavyu. Mphunzitsi amangoloza tsamba limodzi nkufunsa modekha kuti, "Munasankhiranji zilembo zimenezi? Poyamba munayesa ziti?" Amene anapanga yekha amayankha ngakhale akunjenjemera, mwina nkuseka pokumbukira zimene zinakanika. Amene anagula amangoti kukamwa yasa. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Pamene pali povuta ndi pa kuyala masamba, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri amagwera pomwepa ali ndi mtima woyera. Iwo amati, "Ntchito zonse ndi zanga, munthuyu wangondisanjira." Mukanakhala woumba kapena wopenta, mwina ndikanakumverani, popeza chimene akuweruza ndi chowumbacho, osati tsamba limene chakhalapo. Koma inu mukufunsira graphic design. Kusankha fonti (kaonekedwe ka zilembo), kukula kwa mutu wa nkhani, malo opanda kanthu ozungulira chithunzi, chimene chibwere patsogolo ndi chimene chitsatire, imeneyo ndiyo ntchito yeniyeniyo. Portfolio yanu ndi pulojekiti yoyamba imene aphunzitsi akuiona, asanafike nkomwe pa posita kapena logo imene mukunyadira nayo. Wina akakuyalirani, ndiye kuti wakulemberani funso loyamba la mayeso.

Ndipo zimaoneka. Munthu amene waona maportfolio mazanamazana amazindikira msanga pamene chikuto chaposa zamkati: masamba osalala ngati a magazini, koma posita ya pakatipo ili ndi mafonti asanu olimbana okhaokha. Kusiyanako kumabala funso. Amazindikiranso matempuleti otchuka (masamba okonzedwa kale ndi ena, ongoikamo zako) ndi zithunzi zija zonamizira, za logo itaikidwa pakhoma la ofesi yagalasi imene kulibe. Ine, kunena zoona, ndimakhulupirira msanga tsamba losalira zambiri, loyera, loyalidwa ndi dzanja lomwe linapanga ntchitoyo, ngakhale mizere ina itapendekeka pang'ono.

Nanga ndalama ipite kuti? Ngati muli nayo yochepa, gulani ola limodzi kapena awiri a munthu wodziwa, aone ntchito zanu zonse ndi kukuuzani zoona. Wabwino mudzamudziwa ndi mafunso: amafuna kudziwa sukulu yake, zimene yapempha, chifukwa chimene munapangira ichi osati icho. Amakuuzani kuti, "Iyi ichotseni," ngakhale ili imene mumaikonda. Woipa amayamba ndi kukuuzani kuti mutumize mafailo, azibweza Lachisanu zonse zitatha. Lamulo langa ndi lophweka: mausi isachoke m'dzanja lanu. Iye alankhule, aloze, akutsutseni, koma wosuntha zinthu patsamba mukhale inu. Kulipira munthu kuti akuphunzitseni mapulogalamu a dizaini monga InDesign kapena Figma kwa masana awiri kulinso bwino, chifukwa luso limenelo mupita nalo kusukulu. Woyang'ana zolakwika m'mawu amene mwalemba, wosindikiza, wochita sikani zojambula zazikulu, onsewa alipireni ndi mtima umodzi.

Wojambula ndi kamera nayenso ndi wololedwa, makamaka pa zinthu zogwirika monga mabokosi, zovala kapena timabuku topanga pamanja. Koma apa ndili ndi chipsera. Ndili wophunzira ndinalipira munthu wina kuti anditolere zithunzi za ntchito zanga za penti ya madzi. Anali waluso ndithu, ndipo pofuna kundikondweretsa anakoleza mitundu pakompyuta mpaka yofiira yanga yofooka ija inasanduka moto. Ndinakondwa, mpaka tsiku limene ndinaika pepala lenileni pambali pa chithunzicho pamaso pa mphunzitsi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti ntchito yanga ndi iti mwa ziwirizi. Choncho muuzeni wa kamerayo kuti akonze kuwala ndi kuwongola m'mphepete basi, asakongoletse. Ndipo lembani patsamba kuti zithunzi anatola ndi wina. Palibe amene adzakuchotsereni malikisi chifukwa cha zimenezo.

Musanatulutse kalikonse m'thumba, yambani mwafufuza zaulere. Masukulu ambiri a zaluso amakhala ndi masiku oonera maportfolio a ofuna kulowa, ena pa intaneti pomwe. Ku America ndi ku Canada kuli National Portfolio Day, pamene nthumwi za masukulu zimaona ntchito za ophunzira popanda malipiro. Pa webusaiti ya ADPList mungapeze odziwa dizaini amene amapereka nthawi yawo mwaulere. Pa Behance, webusaiti imene anthu amaonetserapo ntchito zawo za dizaini, pitanipo kukaona mmene ena amafotokozera pulojekiti kuchokera poyamba mpaka pomaliza, koma musakhalitsepo, pamafooketsa. Ena a pamenepo akhala pantchito zaka zambiri.

Miyezi iwiri ndi yokwanira. Choyamba werengani zimene sukuluyo yalemba, liwu ndi liwu: ntchito zingati, failo yotani, yolemera bwanji, yotumizidwa kudzera kuti. Masukulu ambiri a ku America amagwiritsa ntchito webusaiti ya SlideRoom, pamene nthawi zambiri mumakweza chithunzi chimodzichimodzi, ndiye mukhoza kupeza kuti kuyala masamba kumene mumafuna kulipira sikukufunika nkomwe. Akati ntchito 15, musatumize 25 poganiza kuti asangalala. Ndipo musadzazire nambala ndi zofooka, chifukwa woona amakumbukira ntchito yoipitsitsa mofanana ndi yabwino koposa. Yamphamvu ikhale poyamba, ina yamphamvu potsekera.

Makope anu aja, amene mukuwachitira manyazi, ndiwo chuma chanu. Sankhani mapulojekiti awiri kapena atatu muonetse njira yonse: vuto linali chiyani, masikechi oyamba, zimene munayesa zikukanika, pamene munasintha maganizo, ndi chotsiriza. Logo yomalizidwa imangonena kuti mumadziwa pulogalamu ya pakompyuta. Masikechi makumi awiri amene anaitsogolera amanena kuti mumadziwa kusankha. Zimenezi nzimenenso wogula sangakhale nazo.

Za pa Canva, nenani zoona. Ngati munangosintha mawu ndi mitundu pa tempuleti ya eni ake, imeneyo si dizaini yanu, isiyeni. Ngati munayamba ndi tsamba loyera, ilowe. Pulojekiti ya pagulu, lembani mbali imene munagwira inuyo.

Zotsalazi ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu. Zojambula pamanja zitoleni masana pafupi ndi windo, popanda fulashi, foni italunjika bwinobwino pamwamba pa pepala kuti lisaoneke lopendekeka. Zoonera pa sikirini zikhale mu RGB, dongosolo la mitundu la pa sikirini. Zosindikiza zimafuna CMYK (dongosolo la mitundu la inki) ndi 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo sindikizani tsamba limodzi loyesera musanalipire onse, chifukwa mitundu imazilala ikafika papepala. Fonti imodzi kapena ziwiri zakwana portfolio yonse, ndipo pa Google Fonts mupeza zaulere zololedwa. Pansi pa ntchito iliyonse lembani dzina lake, chaka, zipangizo ndi kukula kwake. PDF yomaliza itsegulenso pa foni ndi pa kompyuta ya munthu wina muone ngati zilembo sizinasinthe.

Ngati mwaganizabe zogwira ntchito ndi munthu wa pa Fiverr uja, mulembereni kuti simukufuna mapulojekiti ake ngakhale masamba ake, mukufuna ola limodzi pa vidiyo kuti aone ntchito zanu ndi kukuuzani maganizo ake. Mugwirizane polemba zimene achite ndi mtengo wake, musamupatse mawu achinsinsi olowera pa akaunti yanu yofunsira malo, ndipo mafailo oyambirira akhale kwa inu. Akakana, kapena akayamba kukunyengererani kuti "aliyense amatero", mwamudziwa kuti amagulitsa chiyani.

Pakadali pano, tulutsani zonse zimene muli nazo, za m'makope ndi za mufoni zomwe, muziyale pansi m'chipinda, muzigawe milu itatu: zolowa, zokayikitsa, zotsala. Mulu wa zokayikitsawo ndi umene mupite nawo kwa munthu amene mumulipire.