Musagule penti kaye: yankho kwa mwini MGB ya 1972

Achimwene, mwafunsa kuti galimoto yanu ya MGB ya 1972, yopanda denga ija, imene yakhala zaka zambiri pansi pa shedi, ingalowe malita angati a penti wofiira, ngati mabowo a m'munsi mwa zitseko angatsekedwe ndi fila (phala losalazira bodi), komanso ngati kompresa yanu ya malita 50 ingaigwire ntchitoyi pakhomo. Kumapeto mwangotchulako kuti chitseko cha dalaivala chimafuna kuchinyamula kaye kuti chitsekeke. Nkhani yagona pa chitsekocho. Za malita tizikamba, koma zidikire.

MGB ilibe chasisi chapachokha ngati pikiapu. Galimotozi zinkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo bodi yake ndiyo imasenza zonse. Poti yanu ilibe denga lachitsulo, chimene chimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti galimoto isapindike pakati ndi zitsulo ziwiri zazitali za pansi pa zitseko, zimene amazitcha ma sill. Sill ndi bokosi: kunja kuli chitsulo chimene mumachionacho, pakati pali khoma loimirira, kunsi kuli china chotchedwa castle rail, ndiye m'kati muli mbali yogundana ndi pansi popondera. Matope amaunjikana kuseri kwa madigadi akutsogolo, madzi n'kumalowa m'bokosimo, dzimbiri n'kumadya kuchokera m'kati. Mukaona matuza pa penti kunja, m'kati munatha kalekale.

Yesani motere. Tsegulani chitseko pang'ono, muchigwire kumapeto, muchinyamule. Chikamagwedera pa mahinji pomwepo, mwapulumuka, mahinji amasinthidwa. Koma ngati mzati umene mahinjiwo amangidwapo ukusuntha nawo, kapena mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi ukusintha mukakweza galimoto ndi jeke, sill yapita. Pamenepo fila musamuganizire n'komwe. Fila ndi wosalazira chitsulo chabwino. Sasenza katundu, amamwa chinyezi, ndipo pa bowo la dzimbiri amatupa dzinja limodzi lokha.

Musanagule kalikonse, tengani sikuludiraiva yokhuthala mubaye molimba mtima: pansi pa makapeti, poika jeke, m'mabokosi a mabatire kumbuyo kwa mipando, pansi pa buti, pomangira masipuling'i akumbuyo, ndi pamwamba pa kuseri kwa madigadi akutsogolo. Thanki ya mafuta muitsitse ndithu, chifukwa imachita dzimbiri pamwamba, pomwe siioneka, ndipo simungawotcherere ili pomwepo. Kenako kulungani maginito m'kansalu muyendetse bodi yonse. Pomwe sakugwira pali fila wa mwini wakale. Boneti yokha isakupusitseni: ma MGB oyambirira anali ndi boneti ya aluminiyamu, ndipo zinthuzi anthu amasinthanitsa.

Pomasula, jambulani chilichonse ndi foni musanachichotse, mabawuti muziika m'timapepala tapulasitiki tolembedwa dzina. Pakatha miyezi isanu ndi itatu palibe amene amakumbukira kuti kawaya kobiriwira kankapita kuti.

Tsopano kuwotcherera, kumene kudzadye nthawi yanu ndi ndalama zanu zambiri. Musanadule sill, wotchererani chitsulo cha bokosi chopingasa pakhomo pa chitseko, kuchokera mzati wakutsogolo kukafika wakumbuyo, ndi china chodutsa m'kati kulumikiza mbali ziwirizo. Galimoto ikhale pamalo osalala, yochirikizidwa mofanana. Gwirani mbali imodzi, muimalize, ndiye mupite inayo. Mukadula zonse ziwiri nthawi imodzi bodi imakhota ndipo mulibenso poyezera. Chitseko musachitaye patali, muzichibwezera pafupipafupi kuti muone ngati mpata wake uli wofanana kuzungulira konse, pafupifupi mamilimita 4 kapena 5. Dziwaninso kuti sill imalowa kuseri kwa madigadi: lakutsogolo limamasuka ndi mabawuti, lakumbuyo muyenera kulidula m'munsi. Amene amangomata chitsulo chatsopano pamwamba pa chakale, pakati pokha pooneka, amakhala atabisa matenda.

Mwayi wa MGB ndi woti zitsulo zake zimapezeka. Kampani ya British Motor Heritage imazipangabe ndi zikombole zoyambirira, mpaka bodi yathunthu, imene inayamba kutulutsa mu 1988. Ma sill gulani opangidwa kale, ngakhale mtengo wotumizira ukhale wowawa. Zigamba zing'onozing'ono mutha kudula nokha pa chitsulo cha milimita 1 pa bodi yakunja, ndi 1.2 pa malo osenza. Malata ofolerera nyumba ayi, komanso utsi wa chitsulo chokutidwa ndi zinki umadwalitsa.

Amisiri ambiri a m'misika amagwiritsa makina a ndodo, omwe amawotcherera mageti ndi mawindo. Pa chitsulo cha milimita imodzi makina amenewo amangoboola. Kuwotcherera ndi gasi kumatheka, koma kumatenthetsa dera lalikulu, chitsulo n'kuchita mafunde, ndipo kumata ndi mkuwa sikoyenera pa malo osenza. Funani makina owotcherera otchedwa MIG, a waya wa mamilimita 0.6 ndi gasi wosakaniza argon ndi CO2. Musakoke mzere wautali. Ikani kadontho apa, kena kutali masentimita 5, mudikire pazizire mpaka dzanja likhoze kugwirapo, ndiye mudzaze mipata pang'onopang'ono. Pomwe fakitale inalumikiza ndi madontho, boolani mabowo a mamilimita 6 mpaka 8, otalikirana masentimita awiri ndi theka kapena atatu, muwadzaze. Mabatire akhale atachotsedwa, makapeti atuluke, chozimitsira moto chikhale pafupi, ndipo mukamaliza musachoke msanga: phula la kunsi kwa galimoto limanyeka mwakachetechete.

Chitsulo chikalimba, nkhani ya penti wakale. Nyowetsani kansalu ndi thinners muike pamalo obisika mphindi ziwiri. Penti akafewa n'kumata kansaluko, ndiye kuti penti watsopano wa 2K (wosakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hardener) adzamudya, adzachita makwinya ngati nkhope ya agogo. Galimoto ya zaka zoposa 50 nthawi zambiri inapentedwapo kawiri kapena katatu, ndiye ife timalangiza kupala mpaka chitsulo. Gwiritsani sandipepa wa P80 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala) pa makina ozungulira, kapena disiki yopalira penti pa grinder, koma osakhazikika pamodzi chifukwa kutentha kumapinda chitsulo. Kupopera mchenga n'kwabwino kunsi ndi m'makona. Pa boneti ndi pa zitseko kumawononga. Fumbi la penti wakale likhoza kukhala ndi mtovu, choncho valani chotchinga mphuno ndipo ana asasewere pomwepo.

Musapale galimoto yonse n'kuisiya maliseche. Chitsulo chopalidwa chimayamba kufiira usiku umodzi, ngakhale pomwe mwangogwira ndi chala cha thukuta. Palani mbali imodzi, timaenje ta dzimbiri mutitsuke ndi mankhwala a phosphoric acid, muchotse zotsalira zake bwinobwino, mupukute ndi mankhwala ochotsa mafuta, ndipo tsiku lomwelo mupopere epoxy primer kawiri. Pulaimala wamba wotuwa uja amalowetsa chinyezi. Epoxy amatseka, ndipo galimoto ikhoza kudikira miyezi mukusakasaka ndalama.

Fila abwere pamwamba pa epoxy yokandidwa ndi P80 kapena P120. Hardener wake ndi magawo awiri pa 100 aliwonse: fila wokula ngati dzira, hardener ngati nsawawa imodzi. Mukachulutsa, amadzatulukira pa penti ngati banga. Mukachepetsa, sauma m'kati. Asapitirire mamilimita 3. Pomwe pakufunika wochuluka kuposa apo, bwererani ku hamala mukawongole chitsulo. Sandani wouma, P80 kenako P180, chifukwa fila akamwa madzi amawasunga n'kudzawalavula ngati timatuza penti atapaka kale. M'malo olumikiza zitsulo pakani seam sealer, phala lotseka mipata.

Pamwamba pake popani pulaimala wokhuthala katatu, kawirikawiri amasakanizidwa 4 kwa 1, koma tsatirani zolembedwa pa chitini. Musathamangire kumusanda, mpatseni masiku angapo kuti aphwere, apo ayi m'mphepete mwa fila mudzaoneka pakapita mwezi. Kenako wazani penti wakuda pang'ono chabe, ngati utsi, musande ndi thabwa lalitali losalala, P240 kenako P320, mopingasa. Pomwe pakutsala kuda pali dzenje, pomwe patuluka chitsulo pali chitunda. Zala zokha zimatsata dzenje lililonse, n'chifukwa chake thabwa. MGB ili ndi mbali zazitali zowongoka, ndipo mkombero wa kromu wodutsa m'mbalimo umaulula mafunde onse. Ntchito imeneyi ingafunike kuibwereza kawiri. Malizani ndi P500.

Apa ndiye tifike pa kompresa yanu. Zambiri za malita 50 zimatulutsa mpweya wosapitirira malita 150 pa mphindi, pomwe mfuti yopopera penti ya mtundu wa HVLP imafuna 300 kapena kuposa. Mungayambe bwino, koma pofika pakati pa boneti mphamvu yagwa, penti akutuluka ngati malovu. Njira zilipo ziwiri: kubwereka kompresa ya 3 HP ya thanki ya malita 150 kapena 200, kapena kugula mfuti ya LVLP, imene imafuna mpweya wochepa, n'kumapopera chidutswa chimodzi chimodzi, zitseko, boneti ndi buti zitachotsedwa. Njira yachiwiriyi imatheka chifukwa wofiira wanu si wa metallic. Kompresa yaing'ono imatentha ndipo imapanga madzi ambiri, ndiye khuthulani thanki m'mawa uliwonse, chosefera madzi muike kutali ndi kompresa, china chaching'ono pa mfuti penipeni.

Chenjezo ili musalidumphe. Hardener wa penti wa 2K, ndi wa pulaimala wokhuthala uja, ali ndi isocyanate, mankhwala oyambitsa mphumu yosachira, ndipo fungo lake silikuchenjezani. Kansalu ka pamphuno kapena mpango sizitchinga kanthu, ndipo mkaka umene ena amamwa akamaliza kupopera suchotsa chilichonse m'mapapo. Chofunika ndi chigoba cholandira mpweya wabwino kuchokera kunja. Ngati mulibe, konzani zonse pakhomo, koma za 2K mupite nazo kwa amene ali ndi chipinda chopoperamo. Mukafuna kumaliza nokha, penti wa cellulose alibe isocyanate, amakhululuka zolakwa, ndipo kuwala kwake kumagwirizana ndi galimoto ya zaka zimenezo. Amafuna kupopera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, theka penti theka thinners, amafunabe chigoba cha makala chosefa nthunzi, amagwira moto msanga, ndipo wofiira wake amatuwa ndi dzuwa mukapanda kumupolisha.

Malita aja ndi awa, musanathire zosakaniza: epoxy 2 kapena 3, pulaimala wokhuthala 3 kapena 4, penti wa 2K malita 3 kunja kokha, 5 ngati mukupenta ndi mwa injini, m'buti ndi m'kati. Cellulose konzekerani 6 kapena 7. Gulani wonse tsiku limodzi, muthire mu ndowa imodzi, mutakase, ndiye mubwezere m'zitini, chifukwa zitini ziwiri za dzina limodzi sizifanana ndendende. Wofiira sabisa msanga zapansi pake, choncho pulaimala akhale wa mtundu umodzi paliponse, wopanda zigamba. Mtundu wa kufakitale mungaupeze pansi pa kapeti kapena kuseri kwa dashibodi. Ngati mukusintha mtundu, kumbukirani kuti unalembedwa m'mapepala a galimoto, a Road Traffic akuyenera kudziwa.

Tsiku lopopera lisankheni. Kutentha kwabwino ndi madigiri 18 mpaka 25, kopanda chinyezi. M'dzinja, kapena tsiku la chiperoni, cellulose amachita nkhungu yoyera. Mu Okutobala penti amauma asanakhale, ndiye gwiritsani hardener ndi thinners ochedwa, muyambe m'mawa mame atangouma. Madzulo ayi: mukayatsa getsi, tizilombo tonse ta m'dera lanu tidzatera pa boneti. Tchingani shedi ndi pulasitiki, wazani madzi pang'ono pansi kuti fumbi ligone, ndipo tsimikizani za magetsi kapena jenereta, poti 2K akasakanizidwa sadikira kuti magetsi ayake.

Mfuti ikhale ya mlomo wa 1.3 kapena 1.4, mphamvu pafupifupi 2 bar pa mfuti pomwepo, 2K magawo awiri, hardener limodzi, thinners osapitirira 10 pa 100. Italikire masentimita 15 mpaka 20, iyende molunjika, osapinda dzanja pamapeto, mzere uliwonse uphimbe theka la wapitawo. Yambani m'mphepete ndi m'makona. Ulendo woyamba wopepuka, dikirani mphindi 10 mpaka 15, wachiwiri wonyowa, wachitatu ngati wofiira sanakhute. Yesani kaye pa chitseko chakale cha ku zigulugulu.

Penti akayenderera, mwayandikira kwambiri kapena mwachedwa. Musagwire, adzasandidwa akauma. Akachita ngati khungu la lalanje, ndi wokhuthala, mphamvu yachepa kapena mwatalikira. Timaenje tozungulira ngati maso a nsomba timabwera ndi silikoni kapena mafuta, kawirikawiri kuchokera ku polishi wa dashibodi ndi matayala, kapena paipi yakale ya kompresa. Timabowo ngati ta singano ndi thinners amene anatsekeredwa chifukwa simunadikire pakati pa maulendo.

Pakatha sabata, sandani ndi madzi P1500 kenako P2000, mupolishe ndi phala lopolishira lotchedwa compound, koma m'mizere yakuthwa pitanimo mopepuka chifukwa penti amakhala wopyapyala. Cellulose mpatseni masabata angapo. Phula lowalitsa lidikire miyezi iwiri. Musanabwezere makapeti ndi zotchinga m'kati, popani phula loteteza dzimbiri, monga Waxoyl kapena Dinitrol, m'ma sill, m'zitseko ndi kuseri kwa madigadi, ndipo muboole ndi kawaya timabowo totulutsira madzi kuti phulalo lisatitseke. Lipakeni penti atatha, chifukwa likafika pa bodi kupenta kusanachitike limabweretsa maso a nsomba aja.

Pakadali pano tumizani zithunzi zitatu: mpata wa chitseko galimoto ili pansi, mpata womwewo ili pa jeke, ndi kunsi kwa sill mutabaya ndi sikuludiraiva. Tikaziona tikuuzani zitsulo zoyenera kuitanitsa.