Kuoda ma turntable ku Joni: phindu lili pa singano

Achimwene, mwafunsa kuti makina oyimbira mbale za galamafoni amaodedwa bwanji ku Johannesburg, muyambe ndi ati, ndiponso ngati kusintha zipangizo zake kumabweza ndalama. Katunduyu ogula ake ndi owerengeka: ma DJ, eni malo ogona alendo ndi anthu amene asunga mbale za makolo awo m'sutikesi. Pezani kaye kasitomala, apereke dipoziti, ndiye mukwere basi.

Wotchipa amene amayenda ndi Audio-Technica AT-LP60X. Amazungulira ndi lamba, mkono umatsika wokha, ndipo ali ndi phono preamp (kachipangizo kokweza mawu ochokera ku singano) m'kati, moti amalumikizika ku sipika zokhala ndi ampulifaya yakeyake popanda china. Koma katiriji yake, kamutu kogwira singano kunsonga kwa mkono, sichoka. Mungasinthe singano ndi lamba basi, ndiye musamulonjeze munthu kuti adzamukweza m'tsogolo. AT-LP120XUSB ndi wina: mota imazunguza platter (chozungulira poika mbale) mwachindunji, amabwera ndi katiriji ya AT-VM95E, ndipo singano zonse za VM95 zimalowa pathupi lomwelo. Apa m'pamene pali nzeru. Singano yobiriwira ya VMN95E imatha ikayimba maola ngati 300, yofiira ya VMN95ML imafika 1,000, ndipo sikanda mawu pa nyimbo zakumapeto kwa mbale. Katiriji ya Ortofon 2M Red nayonso imalandira singano ya 2M Blue osamasula katiriji.

Technics SL-1200 MK2, amene anatuluka mu 1979, ma DJ amamufuna mpaka lero, koma mupeza wakaunjika. Muyeseni pomwepo. Pitch (chosinthira liwiro) ikakhala pa ziro, timadontho ta m'mbali mwa platter tizioneka titaima. Gwirani mkono pang'onopang'ono: ukamagwedera, ma bearing adatha, ndipo wokonza simumupeza msanga. Alibe preamp, choncho pamafunika mixer kapena ampulifaya yokhala ndi polowetsa polembedwa PHONO.

Werengani kachikwangwani ka kumbuyo. Kwathu ndi 230V pa 50Hz, chimodzimodzi ku South Africa; mungosintha pulagi ya mapini ozungulira kuika ya mapini amakona. Wa 120V wa ku America kapena 100V wa ku Japan amapsa akalowetsedwa kukhoma. Ngakhale mutaika transifoma, wa lamba amene mota yake imatsatira 60Hz amakoka nyimbo, pa 33 amayenda ngati 28.

Nanga zosinthasintha zija? Mawaya odula, mphasa zapamwamba ndi zitsulo zopsinjira mbale, pa sipika za pabalaza kusiyana kwake simungakumve. Ndalama ikani pa singano yatsopano, burashi yopukutira fumbi, ndi kasikelo koyezera kulemera kwa singano. VM95E imafuna magalamu 2, 2M Red 1.8. Ikapepuka kwambiri imadumpha n'kuwononga mizere ya mbale. Kulira kwa "mmm" nthawi zambiri ndi waya wa ground wosamangidwa, osati vuto logulira chatsopano.

Ambiri amaluza pa msewu. Kuchoka ku Park Station kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwanso pa zipata. Chotsani platter, counterweight (chitsulo cholemera cha kumchira kwa mkono) ndi headshell (chogwirira katiriji), chilichonse chikulungidwe pachokha. Platter yosiyidwa pamalo pake imapweteka bearing basi ikamenya maenje, counterweight imapinda mchira wa mkono. Mkonowo mangani pachotsamira chake, chivundikiro mukulunge m'bulangete, bokosi lisakhale pansi pa matumba.

Sungani tax invoice. Ndi imene mumafunsira kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti ya ku South Africa potuluka, komanso a MRA ku Mwanza amaifuna powerengera msonkho. Makinawa amapangidwa kunja kwa SADC, ndiye musadalire kuti kugula ku Joni kukuchotserani duty. Funsani mtengo wake musananyamuke, muuphatikize pa mtengo womuuza kasitomala.

M'chikwama cha m'manja muziikamo singano za ATN3600L zingapo ndi malamba. Sizilemera, ndipo aliyense amene munamugulitsa LP60X adzabwera kudzazifuna.